Uvuni wa pansi pa nthaka: mmene malasha ndi mafuta a galimoto anapangikira

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

Omvera nonse kulikonse kumene mawu athu akukupezani: pa Boma la Mzimba pano, ku Kazomba, ku Manyamula, ku Embangweni, ku Edingeni, ku Jenda, ku Luwerezi, mpaka ku Khosolo kuseri kwa mapiri uko, yakwananso nthawi ya pulogalamu yathu ya sayansi. Amayi amene muli pamoto pitirizani kutakasa, abambo amene mukusema mpini pitirizani, khutu lokha mutibwereke.

Nkhani ya lero ndinaitola pamzere wa mafuta. Nonse mukuidziwa mizere imeneyi: galimoto mbali iyi, njinga zamoto za kabaza mbali inayo, a zigayo atanyamula zigubu zawo, aliyense maso ali kumsewu kudikira thanki. Titakhala pamenepo dzuwa mpaka kupendeka, mnyamata wina wa kabaza anandifunsa kuti kodi petulo ameneyu azungu amamupanga ndi chiyani, nanga bwanji ife a ku Mzimba sitikumba wathu, chonsecho pansi pathu pamatuluka miyala yamtengo wapatali. Anthu anaseka, koma ine funsolo linandikhala pamtima, chifukwa ndi funso lanzeru. Yankho lake ndi lalitali, ndipo likuyambira pa chinthu chimene wa ku Mzimba aliyense anachionapo: uvuni wa makala.

Poyamba tisiyanitse mawu awiri amene ambiri timawasakaniza. Makala ndi aja timagula m'thumba n'kuika pa mbaula, ochokera ku mitengo imene munthu wadula ndi kuwotcha. Malasha ndi mwala wakuda wokumbidwa pansi, umene umayaka. Zinthu ziwirizi ndi pachibale, ndipo amene wamvetsa chimodzi sangavutike ndi chinacho.

Ndili mwana, malume anga ankawotcha makala kuseri kwa mudzi wathu, ine ndinali wotuta zibuma. Ankagwetsa mombo ndi mtondo, n'kudula zipika, n'kuzisanja mothinana, zikuluzikulu pakati. Pamwamba ankayala udzu ndi masamba aawisi, kenaka tinkakwirira ndi zibuma mpaka muluwo utaoneka ngati chulu chachitali. Ankasiya kabowo koyatsira moto ndi timabowo tingapo topumira. Masiku oyamba utsi unkatuluka woyera, wolemera, wonunkha chinyezi. Amenewo anali madzi akuchoka m'mtengo. Kenaka unkasanduka wachikasu, wowawa m'maso. Ukayamba kuoneka wopyapyala, wobiriwira ngati mtambo, malume ankadziwa kuti mbali imeneyo yapsa, n'kutseka bowolo. Usiku sankagona tulo teniteni. Ankadzuka ndi khasu kukazungulira uvuniwo, chifukwa chibuma chimodzi chikangogumuka mpweya n'kulowa, m'mawa ankapeza phulusa lokhalokha.

Malume sanapite patali ndi sukulu, koma lamulo lalikulu la nkhani yathu ankalidziwa: mtengo ukatenthedwa pali mpweya wambiri umasanduka phulusa, ukatenthedwa popanda mpweya umasanduka makala. Mpweya umene tikunenawu ndi uja timapuma, a sayansi amati okosijeni. Mtengo unapangidwa ndi madzi komanso chinthu chotchedwa kaboni. Kaboniyu mtengo umamukoka mumlengalenga kudzera m'masamba, pogwiritsa ntchito mphamvu ya dzuwa. Mu uvuni, kutentha kumathamangitsa madzi ndi zina zonse zopepuka, kaboni n'kutsala. N'chifukwa chake pa makilogalamu 10 a nkhuni, wowotcha wa uvuni wadothi amapeza kilogalamu 1 kapena 2 ya makala. Ndipo moto umene mukuona pa mbaula yanu madzulo ano ndi mphamvu ya dzuwa imene mtengo unasunga zaka zonse unali chiimire m'nkhalango.

Tsopano tiyeni kudambo.

Inu a madimba, mukamakumba chitsime pakati pa dambo, khasu limayamba ladutsa dothi lakuda bii, lonona, lonunkha. Mukalitenga m'manja n'kulifinya, mumaona timizu, timapesi ta bango ndi timasamba timene sitinawole kwenikweni. Chonsecho tsamba likagwa kumtunda, pakatha nyengo imodzi ya mvula silionekanso, chiswe ndi tizirombo tosaoneka ndi maso tamaliza. Kusiyana kwake ndi mpweya womwe uja. M'madzi osayenda mulibe okosijeni wokwanira, tizirombo towoletsa zinthu timalephera kugwira ntchito, ndiye zomera zakufa zimangounjikana, za chaka chino pamwamba pa za chaka chatha. Madzi a m'dambo akugwira ntchito ya zibuma za malume. Kumene madzi saphwa chaka chonse, zinyalala zimenezi zimasanduka chinthu chofewa, chabulawuni, chimene pa Chingerezi amati peat. Chimenechi ndiye khanda la malasha.

Khandali limakula mochedwa zedi. Kawirikawiri limakwera milimita 1 pa chaka, kuchindikala ngati chikhadabo chanu. Ndipo kuti papezeke mita 1 ya malasha, pamafunika mamita pafupifupi 10 a zinyalala zoterezi, chifukwa zimadzapanikizika. Ophunzira, werengerani nokha: mamita 10 ndi mamilimita 10,000. Ndiye kuti mzere wa malasha wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu ukuimira dambo limene linakhala losaphwa kwa zaka pafupifupi 10,000. Apa n'kuti tisanayambe n'komwe kuwerenga nthawi yophika.

(Kanyimbo kakafupi)

Ngati mwatsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za mmene malasha ndi mafuta anapangikira pansi pa nthaka.

Nthawi yophikayo ndi imene imazunguza mutu, ndiye tiyeni tiiyeze ndi chimanga. Tinene kuti njere imodzi ndi chaka chimodzi. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835. Kuchokera pamenepo kufika lero sizikwana njere 200, zongodzaza dzanja. Tikati njere 3 zimalemera galamu 1, thumba la makilogalamu 50 lili ndi njere 150,000. Nkhani ya malasha athu inayamba zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo. Amenewo ndi matumba 2,000 a chimanga, njere iliyonse chaka chathunthu, ndi dzinja lake ndi chilimwe chake. Mbiri yonse ya mafumu athu ili m'dzanja limodzi, pamene malasha adya nkhokwe ya mudzi wonse.

Nthawi imeneyo dziko silinali mmene mumalionera pa mapu a m'kalasi. Africa, South America, India, Australia ndi Antarctica zinali zogwirana, chimtunda chimodzi chimene akatswiri anachitcha Gondwana. Chigawo chathu chino chinali kumwera kwenikweni kwa dziko, kozizira koopsa, ndipo malo ambiri anakutidwa ndi madzi oundana. Timati Chikangawa imazizira mu June, koma kumeneko kunali kuzizira kosamera nako mtengo. Kenaka kunayamba kufunda. Madzi oundana aja anasungunuka, nadzaza zigwa, napanga nyanja zosaya ndi madambo aakulu. M'madambo amenewo munamera mtengo umene lero kulibe, dzina lake Glossopteris. Dzinali ndi la Chigiriki ndipo limanena za lilime, chifukwa tsamba lake linali lalitali, lobulungira kunsonga, ngati lilime la ng'ombe. Nyengo yozizira ikafika mitengoyi inkayoyola masamba, masambawo n'kugwera m'madzi, chaka ndi chaka.

Tsamba limeneli lili ndi mbiri yake. Limapezeka litadindika pamiyala ya kuno kumwera kwa Africa, ku India, ku Brazil ndi ku Australia. Mu 1912 gulu la Robert Falcon Scott linafera m'chipale ku Antarctica pobwerera kuchokera ku South Pole, ndipo pakati pa katundu wawo panapezeka miyala imene anakana kuitaya ngakhale njala ndi kuzizira zitawapanikiza. Pamiyalayo panali masamba a Glossopteris. Mtengo sungawoloke nyanja yamchere, choncho masambawa anakhala umboni waukulu wakuti maiko onsewa kale anali amodzi. Mtengowu unatha pa dziko zaka 252 miliyoni zapitazo, pamodzi ndi zamoyo zina zambirimbiri, koma masamba ake ndi amene akuyaka m'mafakitale lero.

Dambo lokha silikwanira. Pamafunikanso kuti pansi pa dambolo pazimira pang'onopang'ono. Pansi pakamatsika, mitsinje imabweretsa mchenga ndi matope n'kukwirira zinyalala zija. Pamwamba pake pamamera dambo lina, nalonso n'kukwiririka. N'chifukwa chake mumgodi malasha amakhala m'mizeremizere, mzere wa malasha, mzere wa mwala wa mchenga, mzere wa mwala wa matope, ngati mphasa zosanjikiza. Zikatsika makilomita angapo, zimakumana ndi zinthu ziwiri: kulemera kwa miyala ya pamwamba, kumene kumafinya madzi, ndi kutentha kwa m'mimba mwa dziko. Pa kilomita iliyonse imene munthu watsika, kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30. Agogo athu amene anapita ku Joni ndi Wenela kapena Theba amaidziwa nkhani imeneyi ndi thupi lawo, chifukwa ankagwira ntchito thukuta lili kamukamu. Mgodi wa golide wa Mponeng ku South Africa unatsika makilomita pafupifupi 4, ndipo mwala wa pansipo umatentha madigiri 60 kapena kuposa. Ngakhale kuno kwathu, amene anaimapo pa Chiweta anaona madzi otentha akutumphuka pansi popanda wosonkha moto.

Ndiye uvuni uja wakwanira. Nkhuni zake ndi masamba a m'dambo, zibuma zake ndi mchenga ndi matope, moto wake ndi kutentha kwa dziko. Monga makala amasiyana kapsedwe, malasha nawonso ali ndi magulu. Osapsa bwino ndi abulawuni, ofewa, autsi wambiri, amawatcha lignite. Akapsa pang'ono amada ndi kulimba, amenewo ndi bituminous, ndipo a kuno kwathu ali m'gulu limeneli kapena kutsikirapo pang'ono. Opsa kwambiri ndi anthracite, onyezimira ngati galasi, ovuta kuyatsa koma a moto waukali ndi utsi wochepa. Ndinagwirapo chibenthu cha malasha chimene chinagwa m'lole pamsewu wa M1. Chimalemera kuposa khala la msinkhu womwewo, sichikhala ndi timabowo ngati khala, ndipo ukachitembenuza padzuwa umaona timizere, tina tonyezimira tina tothimbirira. Tonyezimirato nthawi zambiri ndi makungwa ndi thunthu, tothimbirira ndi zinyenyeswa za zomera zosakanikirana ndi matope. Umakhala wagwira dambo m'manja.

(Kanyimbo kakafupi)

Tsopano tibwerere kwa mnyamata wa kabaza uja. Bwanji kuno ku Boma, ku Jenda kapena ku Mabulabo sitikumba malasha?

Yankho lili pa thanthwe limene amayi amayanikapo ufa. Miyala ya kuno ndi yakale kwambiri. Yambiri inapangika zaka zoposa 1,000 miliyoni zapitazo, pamene padziko panalibe mtengo, panalibe udzu, panalibe tsamba ngakhale limodzi, pakuti zomera zinayamba kumera pamtunda zaka pafupifupi 470 miliyoni zapitazo. Komanso miyala imeneyi inaphikidwa pansi kwambiri, ina mpaka kusungunuka, pa moto umene palibe chomera chingasiye chizindikiro. Moto womwewo ndi umene unatipatsa chuma cha mtundu wina. Miyala ija anyamata amakumba m'mapiri a kuno, aquamarine wobiriwira ngati madzi ndi rose quartz wofiirira, inamera pamene mwala wosungunuka unkazizira pang'onopang'ono m'ming'alu. Niobium wa ku Kanyika, kwa Inkosi Mabulabo, nayenso anachokera ku mwala wa moto. Tikamafuna malasha pa thanthwe lotere tili ngati munthu wofuna nsomba pachulu.

Malasha amapezeka kumene mitolo ya miyala ya nthawi ya madambo ija inatitimira m'zigwa n'kupulumuka ku kukokoloka. Miyala imeneyi amaitcha Karoo, potengera dera la ku South Africa kumene ndi yochuluka. Kwa ife ili pafupi, kwa anansi athu a ku Rumphi. Mukadutsa Mzuzu, Ekwendeni ndi Phwezi, msewu usanayambe kutsetsereka kupita ku Chiweta, mwalowa m'dera la malasha la Livingstonia. Mgodi wa Kaziwiziwi unatsegulidwa mu 1985, wa Mchenga mu 1987. Malasha ena ali ku Ngana ndi ku Lufira m'boma la Karonga, ku Nthalire m'boma la Chitipa, ndiponso kumunsi kwa Shire, ku Lengwe ndi ku Mwabvi. Malasha a ku Rumphi ndi amene akhala akupita ku mafakitale a fodya, a simenti ndi ena ofuna nthunzi ndi moto waukulu.

Mtengo wa lilime uja ndi womwewo unapanga malasha a ku Moatize ku Tete, amene sitima zimanyamula kudutsa m'dziko lathu, pa Nkaya ndi Nayuchi, kupita ku doko la Nacala. Ndi womwewonso wa ku Maamba ku Zambia, wa ku Hwange ku Zimbabwe ndi wa ku Mpumalanga. Inu amene muli ndi ana ku Joni mwina munamvapo mzinda wa eMalahleni, umene kale unkatchedwa Witbank. Mngoni safunika womasulira pamenepa. Dzinali linamangidwa ngati Embangweni, Ekwendeni ndi Euthini, ndipo amalahle ndi malasha. Ndi kwawo kwa malasha, ndipo magetsi ambiri amene ana athu amawalitsira m'nyumba zawo ku Johannesburg amachokera ku madambo akale a dera limenelo.

Pa Hwange ndiimepo pang'ono, chifukwa pamenepo panakhetsedwa misozi ya kwathu. Malasha akamapsa pansi amatulutsa mpweya woyaka wotchedwa methane, umene umabisala m'ming'alu. Suoneka, sununkha. Pa 6 June 1972, mgodi wachiwiri wa Wankie, dzina lakale la Hwange, unaphulika. Mpweya uja utayaka unautsa fumbi la malasha, fumbilo n'kuphulika m'njira zonse za pansi. Anthu oposa 420 anafa, pakati pawo panali Amalawi, ndipo ambiri matupi awo ali momwemo mpaka lero chifukwa mgodiwo unatsekedwa ali m'kati. Ndikunena izi chifukwa anyamata athu ena amapita kukagwira ntchito m'migodi ya malasha, kuno ndi kunja komwe. Mwana wanga, ukalowa pansi usalowe ndi fodya kapena machesi, ufunse ngati mpweya wayezedwa, ndipo chophimba pamphuno usachione ngati chokometsera, chifukwa fumbi la malasha likakhazikika m'mapapo silitulukanso.

(Kanyimbo kakafupi)

Nanga mafuta? Ena amati petulo ndi mafuta a zinyama zikuluzikulu zakale, monga Malawisaurus amene mafupa ake anakumbidwa ku Karonga ndipo chithunzithunzi chake chaima m'nyumba yosungira zakale ya kumeneko. Ayi ndithu. Mafuta anachokera ku tinthu tating'ono kwambiri, tizomera ndi tizirombo toyandama m'madzi a m'nyanja, timene diso silingaone popanda galasi la ku labotale. Ndi tomwe tija usipa umadya, ndi tomwe timabiriwitsa madzi a m'dziwe m'chilimwe. Timakhala masiku ochepa, n'kufa, n'kugwera pansi ngati mvula yowaza yosakata. Pansi pa nyanjayo pakakhala popanda okosijeni, sitiwola, timasakanikirana ndi matope. Lamulo ndi lomwe lija la malume. Kusiyana kwake n'kwakuti mtengo ndi wouma gwa, ndiye umasiya mwala, pamene tinthu iti tili ndi timafuta m'thupi mwake, ndiye tikaphikidwa timatulutsa zamadzimadzi.

Koma mafuta ndi osankha moto. Matope aja ayenera kutsika makilomita 2 mpaka 4, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 60 mpaka 120. Moto ukachepa, mafuta satuluka. Ukapitirira, amasweka n'kusanduka gasi. Amayi okazinga mtedza akudziwa kuti pakati pa zaziwisi ndi zopserera pamakhala kanthawi kochepa. Mafuta akapangika sakhala pamodzi. Thirani mafuta ophikira m'madzi muone, amakwera pamwamba. Nawonso a pansi amakwera, kudutsa m'timipata ta miyala, ndipo akapanda chowatchinga amafika pamtunda n'kuuma, kutsala phula. Kuti asungike pamafunika mwala wa mchenga wokhala ndi timipata, ndi pamwamba pake mwala wa dongo kapena wa mchere wopindika ngati mbale yovundikira. Pansi palibe chidziwe cha mafuta choti munthu n'kupalasapo bwato. Mafuta amakhala m'kati mwa mwala, monga madzi amalowera m'njerwa yowotcha mukaiviika mumgolo. Ndiye taonani zofunika kuti zikumane: matope oyenera, moto woyenera, mwala wosunga, chivundikiro, ndipo chivundikirocho chikhalepo mafuta asanayambe ulendo. Chimodzi chikasowa, okumba amataya ndalama zawo pa chitsime chouma.

Apa ndi pamene maso a anthu amatembenukira ku nyanja yathu. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene dziko likung'ambika, ndipo pansi pake pakhala pakutsika kwa zaka mamiliyoni angapo. Malo ozama kwambiri, kumpoto kwa Nkhata Bay, ndi mamita pafupifupi 700, koma kuyambira mamita 250 kupita pansi mulibe okosijeni, ndipo nsomba sizikhalako. Pansi pa madziwo pali matope ndi mchenga zochindikala makilomita 4 malo ena. Mu 2005 akatswiri anabowola pansi pa nyanjayi n'kutulutsa matope ofufuzira mbiri ya nyengo. Tinganene kuti uvuni wina ukusanjidwa pamenepo ife tikuona. Ku Uganda, m'chigwa cha mtundu womwewu, mafuta anapezeka mu 2006 m'mbali mwa nyanja ya Albert. Kuno boma linagawa dziko m'zigawo 6 zofufuzamo mafuta, ndipo mu 2011 kampani ya Surestream Petroleum inapatsidwa chilolezo cha zigawo ziwiri za kumpoto kwa nyanja. Mpaka lero m'Malawi mulibe chitsime chotulutsa mafuta. Maganizo anga pa nkhaniyi sindibisa. Kufufuza kuti tidziwe zimene tili nazo n'kwabwino. Koma madzi olowa m'nyanja ija amakhalamo zaka zambirimbiri asanatuluke, pakuti khomo lake ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire. Mafuta atatayikiramo sangatsukike ngati mmene mtsinje umadzitsukira, ndipo usipa umene timagula pamsika wa pa Boma pano umachokera m'madzi omwewo. Tsiku lodzaganiza zokumba, asodzi adzakhale pabwalo, asadzamvere pa wailesi.

Mafuta otuluka pansi ndi akuda, onata, sangayendetse njinga yamoto. Amapita nawo ku fakitale yoyenga, ndipo njira yake amayi otcheza kachasu angaizindikire msanga. Amawatenthetsa mpaka asanduke nthunzi, nthunziyo n'kukwera m'chinsanja chachitali chimene chimazizira kumwamba. Chopepuka chimakwera kwambiri: gasi wophikira pamwamba penipeni, kenaka petulo, palafini wa koloboyi ndi wa ndege, dizilo wa chigayo, ndipo pansi pamatsala phula la pamsewu. Dziko lathu lilibe fakitale yoteroyo. Timagula oyengayenga, obwera pa sitima zapamadzi ku Dar es Salaam, ku Beira ndi ku Nacala, ndipo timalipira ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zikasowa, mzere uja umayamba. Ngakhale alimi amene mulibe galimoto nkhaniyi ikukukhudzani, chifukwa feteleza wa UREA amene mumabereka naye chimanga amapangidwa kuchokera ku gasi wa pansi ndi mpweya wa mumlengalenga. Mtengo wa gasi ukakwera ku maiko akutali, thumba limakwera pa Jenda.

Pali chinanso chimene utsi wa malasha ndi mafuta umachita. Kaboni amene madambo ndi nyanja zinakwirira kwa zaka mamiliyoni, anthu akumubweza mumlengalenga m'zaka 200 zokha. Mafakitale asanayambe, mpweya wa kaboni unali magawo 280 pa miliyoni iliyonse ya mpweya wa mumlengalenga, lero wadutsa 420. Mpweya umenewu umasunga kutentha ngati bulangete, ndipo nyengo ikusokonekera. Gawo la Malawi pa utsi umenewu ndi laling'ono zedi, koma mlimi wa kwa Mzikubola amene sakudziwanso tsiku lodzala akulipira nawo.

Ndipo poti ndayamba ndi uvuni wa malume, ndisausiye ngati ndikuuyamikira. Nthawi yawo mitengo inali yambiri, owotcha ochepa. Lero amene amadutsa m'nkhalango ya Perekezi pamsewu wopita ku Mzuzu amaona yekha zitsa ndi mabala akuda a mauvuni, ndipo lamulo la nkhalango limaletsa kuwotcha makala popanda chilolezo. Komabe mombo uli ndi mwayi umene malasha alibe. Chitsa chake chikatetezedwa ku moto wolusa ndi ku nkhwangwa chimaphukira, ndipo pakatha zaka 20 kapena 30 pamakhalanso mtengo. Zimenezo ndi njere 30 za chimanga chija. Mzere wa malasha umene watha ku Mchenga udikira matumba 2,000.

Ophunzira, nayi ntchito yanu ya sabata ino. Pitani kudambo ndi munthu wamkulu, pamalo osaya pamene madzi akhalitsa, mutenge ndodo. Ibayeni m'matope akuda aja n'kuigwedeza. Muona timathovu tikukwera kuti bwibwibwi. Ameneyo ndi methane, yemwe uja wa ku Wankie, yemweyonso amene ena amakolola ku ndowe za ng'ombe n'kuphikira. Kenaka tapani matopewo pang'ono, muwayanike pa lata masiku atatu, muwaphwanye, muwerenge mitundu ya timizu ndi timasamba timene mungazindikire. Mukawaonetse aphunzitsi anu a Jogalafe, ndipo mutilembere zimene mwapeza, mutchule dzina la dambo lanu.

Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakwera phiri, tikaone mmene aquamarine amamerera m'kati mwa thanthwe. 

(Nyimbo yotsekera)